KUTHYOKA KWA MAFUPA: MAU KWA ANCHITO A M'MINDA YA FODYA YA KU KAROI

 Nkhani ya lero iri ya mafupa: m'mene munthu angadziwire kuti fupa lathyoka, zoyenera kucita asanafike kwa dotolo, zimene a cipatala amacita, ndi m'mene fupalo limapolera. Mutu wa nkhani yonse ndi uwu: fupa lothyoka limadzilumikiza lokha, koma silidziwa kudziongola. Likasiyidwa lokhota lidzagwirana lokhota, ndipo mwini wace adzayenda nalo cotero masiku onse a moyo wace.

Karoi ndi tauni ya m'boma la Hurungwe, m'cigawo ca Mashonaland West, pa mseu waukulu wocokera ku Harare kunka ku Chirundu, mtunda wa makilomita ngati 200 kucokera ku Harare. Mapulazi a fodya anayamba kuculuka kumeneko itatha nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, pamene boma la Southern Rhodesia linagawira minda Azungu obwera ku nkhondo. Mindayo inafuna manja ambiri, ndipo anthu anadza kucokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena pa mapazi, ena pa malole a Ulere, ena mwa Mthandizi. Ambiri sanabwerere kwao. Anasanduka machona, ndipo ana ndi adzukulu ao alipo kufikira lero. Kuyambira caka ca 2000 mapulazi akulu ambiri anagawidwa, kotero kuti fodya wambiri wa ku Hurungwe tsopano amalimidwa ndi alimi a minda yaing'ono. Eni minda anasintha, koma nchito ya fodya ndi yomweyo, ndipo ngozi zace ndi zomwezo.

Mnyamata amakwera pa mitanda ya m'balani kukapacika fodya, phazi nkuterereka. Bambo amagwetsa mtengo wa nkhuni zoumitsira fodya, mtengowo nkumgwera pa mwendo. Ngolo ya ng'ombe imagubuduka pa citunda, wina amagwa pa ngolo ya thirakitala, mwana amagwa mu mtengo wa masuku, ndipo nkhalamba imaterereka pa bafa nithyoka m'ciuno. Pa mseu wa ku Chirundu pamayenda malole akulu usana ndi usiku, ndipo ngozi za pamenepo zimathyola mafupa ambiri nthawi imodzi. Munthu wa pa munda cuma cace ndico manja ndi miyendo. Mwendo ukakhota, si iye yekha amene walemala, koma banja lonse limene limadya za khasu lace.

FUPA NDI CINTHU CAMOYO

Anthu ambiri amayesa fupa ngati mtengo wouma, cifukwa mafupa amene amawaona ndi a nyama yophika. Koma fupa la munthu wamoyo liri ndi mitsempha ya mwazi, liri ndi mafuta m'kati, ndipo kunja kwace kuli kakhungu kopyapyala kamene kamalidyetsa. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo liri lonse la iwo likathyoka limakha mwazi monga bala lina liri lonse.

Mafupa sathyoka mofanana. Lina limathyoka m'kati khungu liri losang'ambika. Lina limaboola khungu, kapena bala la kunja limalowa kufikira pa fupa, ndipo kumeneku ndiko kuthyoka koopsa, pakuti tizirombo tapeza khomo. Lina limaphwanyika zidutswa zambiri, monga limacitira likapondedwa ndi gudumu. Fupa la mwana ndi lofewa, ndipo kawiri kawiri limathyoka mbali imodzi yokha nilipindika, monga imacitira nthambi yaiwisi munthu akayesa kuithyola.

ZIZINDIKIRO

Zizindikiro za fupa lothyoka ndi izi. Wovulala amamva ululu waukulu pa malo amodzi, umene umakula akagwedeza ciwalo kapena wina akakhudza pamenepo. Malowo amatupa msanga, ndipo pakapita maora khungu limada cifukwa ca mwazi woundana m'kati. Ciwalo cimaoneka cokhota, cofupika, kapena copindika pamene palibe mfundo. Nkhalamba yothyoka m'ciuno siingathe kudzuka, ndipo mwendo wace umafupika, phazi nkugonera kunja. Ena amamva kulira kwa fupa pa nthawi ya ngozi. Wothyoka nthiti amamva kulasa akamapuma kapena kutsokomola.

Pa komboni pamamveka mau akuti, "Musade nkhawa acimwene, zala zirikugwedezeka, mwangobinya cabe." Mau amenewa alemaza anthu ambiri. Munthu akhoza kugwedeza zala mkono uli wothyoka, ndipo ena amayenda ndithu pa mwendo wothyoka. Cimene cimanena zoona ndico cithunzi ca X-ray, kuwala kumene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira m'caka ca 1895, kumene kumapyola mnofu nikuonetsa fupa. Pamene pali cikaiko, ciwaloco cisamalidwe ngati cathyoka kufikira a cipatala ataciunika.

Pali zizindikiro zina zosalola kudikira kuti kuce. Fupa likaonekera pa bala, zala zikazizira, kucita dzanzi kapena kusintha maonekedwe, wovulala akamva kuwawa m'khosi kapena pa msana nalephera kugwedeza miyendo, ulendo wa ku cipatala uyambe nthawi yomweyo. Fupa la nchafu likathyoka, mwazi wokwana lita imodzi kapena kupitirira ukhoza kutayikira m'kati osaoneka kunja, pamene thupi lonse la munthu wamkulu liri ndi malita ngati 5 okha. Wotereyu amatuluka thukuta lozizira, amamva ludzu ndi cizungulire, ndipo akhoza kufa pa njira. Mwana wothyoka pamwamba pa cigongono nayenso asagone pa nyumba, pakuti fupalo likhoza kupana mtsempha wa mwazi, dzanja nkufa m'maora owerengeka.

ZOYENERA KUCITA PA MALO A NGOZI

Coyamba, wovulala asadzutsidwe msanga ndipo asayesedwe kuyenda. Anthu asakoke ciwalo cace, asacisisite, ndipo asayese kubwezera fupa m'malo mwace.

Caciwiri, ngati pali bala, aliphimbe ndi nsaru yoyera ndi kukanikiza m'mbali mwace kuti mwazi uleke. Fupa lotulukira kunja asalikankhire m'kati. Pa bala asaikepo dothi, phulusa, ndowe, masamba otafuna, fodya kapena mafuta a galimoto.

Cacitatu, ciwalo cimangiriridwe ku cinthu colimba kuti cisagwedezeke pa njira. Thabwa, nsungwi, mpini wa khasu kapena katoni yopinda zikwanira. Cinthuco cikhale cacitali, copitirira mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi kwa pothyokapo, ndipo pakati pa ico ndi khungu paikidwe nsaru zofewa. Popanda thabwa, mwendo wothyoka umangidwe pamodzi ndi mwendo wabwino, ndipo mkono ukolekedwe m'khosi ndi citenje. Mphete ndi zibangiri zivulidwe ciwalo cisanatupe. Pomanga asathinitse, ndipo akatha ayang'ane zala ngati ziri zofunda.

Kumanga kumeneku kusayesedwe kanthu kacabe. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali ambiri othyoka nchafu ndi zipolopolo ankafa, ndipo madotolo analemba kuti mwa anthu 100 ankafa ngati 80. Kuyambira 1916, dotolo Robert Jones anafalitsa citsulo comangira mwendo cimene anakonza amalume ace, Hugh Owen Thomas, ndipo akufa anatsika kufika pa 20 kapena kuceperapo. Cimene cinathandiza kwambiri ndico kuti mwendo unaleka kugwedezeka pa ulendo.

Cacinai, wopweteka khosi kapena msana asanyamulidwe pa msana kapena pa njinga, ndipo asakhazikidwe tsonga m'galimoto. Anthu anai kapena asanu amnyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke, namgoneke pa citseko kapena pa thabwa lalikulu.

Cacisanu, wovulala kwambiri asapatsidwe nsima, thobwa kapena mowa, ngakhale apemphe, pakuti kapena dotolo adzafuna kumgonetsa ndi mankhwala, ndipo wokhuta akhoza kusanza natsamwa ali m'tulo. Amfunditse bulangete, ndipo mmodzi akhale naye pafupi ndi kumlimbitsa mtima.

KUONGOLA MTENGO MPOYAMBA

Citsanzo ca anthu awiri cikhoza kuonetsa kusiyana kwace. Onse awiri agwa m'balani m'mwezi wa February, fodya ali pakati pa kukolola, ndipo onse athyoka msongolo. Woyamba anzace ammangira thabwa napita naye ku cipatala tsiku lomwelo. Fupa liongoledwa, mwendo uikidwa m'cikhakha, ndipo fodya wa caka cimeneco amkololera abale. Pofika nyengo yofesa nazale ina, iye alikuyenda. Waciwiri awerengera ndalama za galimoto ndi fodya amene alikupsa m'munda, nanena, "Ndidzapita tikagulitsa." Agona pa mphasa masabata asanu ndi limodzi. Pofika ku cipatala fupa lagwirana kale, lokhota ndi lofupika. Tsopano dotolo sangaliongole ndi manja. Pafunika opareshoni yodula fupalo kaciwiri, ku cipatala cakutali, ndi ndalama zoposa zija anakana kutaya poyamba. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pa mafupa mwambiwu ndi woona kweni kweni. Pakapita masabata awiri kapena atatu fupa la munthu wamkulu layamba kale kugwirana, ndipo la mwana limafulumira koposa.

Ambiri amayamba apita kwa sing'anga wa kumudzi wodziwa kumanga mafupa, cifukwa ali pafupi, amalankhula nao mwaulemu, ndipo amalola kulipira pang'ono pang'ono. Nzoona kuti ena amacira m'manja mwace, pakuti fupa limene silinasunthe pa malo pace limapola ngakhale pa nyumba. Koma sing'anga alibe coonera m'kati. Timitengo tomangidwa kolimba pa ciwalo cimene cirikutupa timatseka mwazi, ndipo madotolo a m'maiko ambiri a mu Africa adula manja a ana amene anaola cifukwa ca kumanga kotere. Mphini zotemedwa pamwamba pa fupa lothyoka zimatsegulira njira tizirombo, fupa nkuyamba kutuluka mafinya zaka ndi zaka. Cifukwa cace banja liri lonse ligwire lamulo ili, kuti cithunzi ca ku cipatala ciyambe.

ZIMENE AMACITA A CIPATALA

Munthu wa ku Karoi amayamba ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala ca boma ca Karoi. Zikakhala zovuta amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca cigawo ku Chinhoyi, kapena ku Harare, ku zipatala monga Parirenyatwa. Ku Malawi, kuyambira caka ca 1985, ku Blantyre kwaphunzitsidwa anchito a cipatala odziwa za mafupa, amene amathandiza anthu m'zipatala za m'maboma kumene kulibe dotolo wamkulu wa mafupa, ndipo m'caka ca 2002 munatsegulidwa cipatala ca Beit CURE mu mzinda womwewo. Ku Zambia kuli University Teaching Hospital ku Lusaka, ndi cipatala ca St Francis ku Katete ca anthu a kum'mawa.

Kuli konse nchito ya dotolo iri pawiri: kubwezera zidutswa m'malo mwace, ndi kuzigwira kuti zisasunthe kufikira zitalumikizana. Amayamba wapatsa wodwala mankhwala oletsa ululu kapena omgonetsa, ndipo pamenepo amaongola fupa. Mafupa ambiri amagwidwa ndi cikhakha, ndico nsaru yopaka ufa woyera umene umauma gwa ukanyowetsedwa. Njira imeneyi anailengeza Antonius Mathijsen, dotolo wa asilikali wa ku Holland, m'caka ca 1852. Fupa la nchafu silimvera cikhakha mwa munthu wamkulu, cifukwa minofu yace ndi yamphamvu ndipo imakoka zidutswa kuti zipitirirane. Wodwala wotere amagonekedwa pa bedi, mwendo utakokedwa ndi cingwe ndi colemera, masabata 6 mpaka 12. Kumene kuli zipangizo, dotolo amalowetsa citsulo cacitali m'kati mwa fupa, njira imene Gerhard Küntscher wa ku Germany anayamba m'caka ca 1939, ndipo wodwala amadzuka ndi ndodo pakapita masiku owerengeka. Mafupa ena amamangidwa ndi kacitsulo kaphanthiphanthi ndi misomali. Citsulo sicipoletsa fupa, cimangoligwira cabe pamene thupi lirikugwira nchito yace.

Fupa la bala limafuna zinanso. Balalo limatsukidwa bwino wodwala ali m'tulo, mnofu wakufa umacotsedwa, ndipo amapatsidwa mankhwala opha tizirombo ndi jekeseni yoletsa kafumbata. Mankhwalawa amagwira bwino akaperekedwa m'maora oyamba, ndico cifukwa cace kucedwa ndi bala lotere kuli koopsa koposa.

M'MENE FUPA LIMAPOLERA

M'masiku oyamba mwazi umaundana pakati pa zidutswa, ndipo malowo amatupa ndi kutentha. M'sabata yaciwiri ndi yacitatu, m'mwazi woundanawo mumamera mnofu wolimbirapo wonga cicerecece, umene umagwira zidutswa monga phala la dothi limagwirira njerwa lisanaume. Pambuyo pace thupi limathiramo mcere wa mafupa wochedwa calcium, ndipo pamapangika cotupa colimba cozinga pothyokapo, cimene munthu akhoza kucimva ndi dzanja. Cotupaco sicoopsa iai, ndico cizindikiro cakuti fupa lagwira. Potsiriza, kwa miyezi yambiri ngakhale zaka, thupi limasema cotupaco pang'ono pang'ono kufikira fupa litabwerera pafupi ndi maonekedwe ace akale.

Nthawi yace imasiyana. Mkono wa mwana umagwira pa masabata 4 mpaka 6. Fupa la pafupi ndi dzanja la munthu wamkulu limafuna masabata ngati 6. Msongolo ndi nchafu zimafuna miyezi 3 kapena 4, nthawi zina kupitirira. Fupa la bala, fupa lophwanyika, ndi fupa la nkhalamba zimacedwa koposa. Ululu umayamba kutha fupa lisanalimbe, ndipo pamenepo mpamene ambiri amalakwa: amadula okha cikhakha ndi mpeni cifukwa fodya wapsa kapena msika watsegulidwa, fupa nkuthyokanso pomwe paja. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wocotsa cikhakha ndi dotolo yekha, ndipo tsiku lobwerera ku cipatala lisaphonyedwe ngakhale munthu akumva bwino, pakuti fupa likhoza kusuntha m'kati mwa cikhakha kutupa kukaphwa.

Cikhakha cimatenga masiku awiri kapena atatu kuti ciume bwino, ndipo cisanyowe konse. M'masiku oyamba ciwalo cikhale pamwamba, pa mtsamiro, ndipo zala zizigwedezedwa kawiri kawiri. Kukamayabwa asalowetsemo kamtengo kapena waya. Wodwala abwerere ku cipatala tsiku lomwelo ululu ukamakula m'malo mocepa, zala zikatupa, kuzizira kapena kucita dzanzi, m'cikhakha mukamatuluka pfungo, kapena thupi likatentha.

Thupi limamanga fupa ndi zimene munthu wadya. Nsima yokha siikwanira. Pafunika nyemba, mtedza, mazira, mkaka, ndiwo za masamba, ndi tinsomba todyedwa ndi minga yace, monga usipa ndi matemba a ku Malawi, kapena kapenta wa ku Kariba, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968. Wodwala aziothera dzuwa pang'ono masiku onse, pakuti dzuwa limathandiza thupi kulandira calcium. Ndipo mau awa amveke bwino m'dziko la fodya: kusuta kumafinya timitsempha ta mwazi todyetsa fupa, kotero kuti mafupa a osuta amacedwa kugwira, ndipo ena salumikizana konse. Fodya apite ku msika, koma wothyoka fupa asamuike pakamwa kapena pamphuno. Mowa wambiri nawonso umacedwetsa kupola. Wodwala nthenda ya shuga ndi wakumwa mankhwala a HIV apitirize mankhwala ao, ndipo auze dotolo za iwo.

Cikhakha cikacoka, ciwalo cimaoneka coonda ndipo mfundo zace zimauma. Zimenezi zimatha ndi kucita masewera amene a cipatala amaphunzitsa, tsiku ndi tsiku, osathamangira kusenza matumba kapena kukwera m'balani dotolo asanalole.

Mau otsiriza apite kwa olemba anchito ndi akapitao. Mitanda ya m'balani iyang'anidwe nyengo yokolola isanafike, yofumbwa icotsedwe. Anthu asakwere pamwamba pa katundu wa ngolo, ndipo ana asayendetse ng'ombe za ngolo okha. Wanchito akavulala pa nchito, ngoziyo ilembedwe tsiku lomwelo ndipo mapepala a cipatala asungidwe, pakuti ku Zimbabwe bungwe la National Social Security Authority ndilo limayang'anira za cipukuta misozi ca ovulala pa nchito, ndipo popanda mapepala mlandu wace umavuta. Pa mudzi uli wonse ndi pa komboni iri yonse anthu adziwiretu mwini galimoto amene angamdzutse usiku, ndi kumene angapeze matabwa awiri ndi nsaru zoyera. Zinthu zazing'ono zimenezi, zikakonzeka ngozi isanagwe, ndizo zimafikitsa munthu kwa dotolo fupa lisanagwirane lokhota.